Womata Ndiye Wotapa

Amene sanakhaleko ku Mirdif, mumzinda wa Dubai, sangamvetse bata limene linagwa chaka cha mliri wa korona. Nyumba imene ndinkagwiramo ntchito ili pansi penipeni pa njira ya ndege. Zaka zonsezo ndinkachapa, kusita ndi kugoneka ana ndege zikudutsa pamutu ngati zikufuna kutera padenga, mpaka ndinazolowera kudula nkhani pakati, kudikira kuti idutse, kenako n'kupitiriza pamene ndinalekezera. Ndiye tsiku lina m'mawa ndikuyanika zovala kuseri, ndinamva njiwa ikulira. Ndinaima ndi malaya a bwana m'manja. Njiwazo zinalipo nthawi yonseyi, koma akanazimva ndani? Ndege zinali zitaima, ndipo imodzi mwa ndege zoimazo inali yanga.

Sutikesi inali kale pansi pa bedi, yodzaza ndi nsapato za anyamata anga awiri, sopo ndi zitenje. Chaka chilichonse tchuthi changa ndinkatenga mwezi wa Meyi. Anzanga ankalimbirana Disembala kuti akadye Khrisimasi kwawo atavala zatsopano, anthu akawaone kuti kunja kwawayanja. Ine za Khrisimasi ndinalibe nazo ntchito. Ndinkapita kukamata nkhokwe.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Dowa, chitengwa. Ukatengwa, munda si wako, mtengo wa mango si wako, ngakhale manda si ako. Ndinalowa m'mudzi wa eni ndi kathumba ka zovala basi. Chinthu choyamba chimene chinatchedwa changa pamudzipo chinali nkhokwe. Amuna anga anailuka ndi nsungwi chaka chimene tinakolola koyamba, ndipo apongozi anga aakazi anandiitana n'kundilozera mulu wa dothi la pachulu ndi ndowa ya madzi.

"Mwamuna amaluka ndi kufolera," anatero. "Kumata ndi kwa mkazi. Ndipo pamudzi pano womata ndiye wotapa. Wina aliyense akafuna chimanga cha m'menemu, kaya ndi ine, kaya mwamuna wakoyu, ayambe wapempha kwa iwe."

Za kwina sindikudziwa, mwina anthu amaseka zoterezi. Koma pamudzi paja zinali choncho, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuyenda chozyolika.

Kumata ndimatha, sindibisa. Ntchito yake imayamba chimanga chisanachoke kumunda. Amuna amatsitsa denga, chifukwa pa nkhokwe m'pamene umaona ndi maso kuti mutu umodzi susenza denga. Ukatero umalowa m'kati n'kutulutsa chimanga chonse chotsala, mpaka njere yomaliza. Chatsopano sachithira pa chakale, poti anankafumbwe amabisala m'chakalemo kudikira phwando. Umasesa, umagumula dothi lakale limene lafumbutuka, umasonkha kamoto ka udzu ndi zitsononkho kuti utsi ulowe m'mipata monse. Umagogoda miyendo ya nkhokwe umodzi umodzi, ndipo umene ukulira ngati ng'oma ndiye kuti chiswe chadyamo, uchotsedwe. Dothi la pachulu umalisakaniza ndi ndowe ndi phulusa, umaliponda, n'kulisiya ligone. Kumata umayambira m'kati, pansi kukwera m'mwamba, kukankha dothi ndi zala kuti lilowe pakati pa nsungwi, kenako kunja. Likauma limang'aluka, umabwerezanso. Ngolo ikamayamba kututa, nkhokwe imakhala itauma gwa. Chisanu cha Juni chikamaluma, chimanga chili m'kati, denga lili pamwamba, ine ndili m'ndege kubwerera ku Dubai dothi likadali m'zikhadabo.

Ndisananyamuke ndinkatenga dengu n'kuwapatsa apongozi m'manja, anthu akuona. Iwo ndiwo ankatapira ana anga chaka chonse, koma ankatapa m'dzina langa. Nkhokwe inkatchedwabe yanga. Apongoziwo anamwalira m'dzinja la chaka cha koronacho, mliri usanafike. Ndinawalira ndili kuno, n'kudzitonthoza kuti Meyi sali kutali, ndikaona manda awo ndiponso ndikapeza wina wom'siyira dengu. Meyi anafika, ine ndili m'nyumba ya eni, geti lotseka.

Masiku amenewo kutuluka kunali kwa chilolezo. Lachisanu, limene linali tsiku langa lopuma, linasanduka tsiku ngati ena onse. Kutchalitchi kunatsekedwa. Ana atatu amene ndinkalera ankaphunzira pa kompyuta, ndipo ntchito yanga inawonjezekera ina yowalondera kuti asathawe m'kalasi imene inali patebulo lodyera. Unali mwezi wa Ramadani, masana nyumba inkakhala zii. Kuimba foni kumudzi kuchokera kuno n'kovuta, choncho timajambula mawu n'kutumizirana. Munthu umalankhula wekha ngati wamisala, n'kudikira yankho mpaka wakumudzi akakwere pachulu pamene pamagwira netiweki.

Uthenga umene unandisokoneza unachokera kwa alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu. Mayi ameneyu akafuna kukubaya amayamba wakudzoza mafuta. Ndinaumvera m'kachipinda kochapira.

"Mlamu, muli bwanji kunjako? Tikumva kuti matenda avuta, tikukupemphererani. Za kuno musadandaule. Chimanga chachita bwino, mikukwe yadzaza munda. Za nkhokwe musaganize n'komwe, tapeza wotithandiza. Mtsikana uja wa kutsidya, amene banja lake linatha uja, ndi wolimbikira kwabasi. Watithandiza kudula chimanga, ndiye amatenso nkhokweyo, aziwatapiranso anawa. Inu ingogwirani ntchito mwamtendere."

Mwamtendere. Ndinaubwereza uthengawo makina ochapira akuzungulira. Mtsikanayo ndinkamudziwa, ndipo ndinalibe naye mlandu. Anali waulemu, wamanja olimba, wofuna pogwira ngati wina aliyense. Koma ine sindinabadwe dzulo. Lero amata, mawa atapa. Watapa apita kuchigayo, wabwera kuchigayo aphika, waphika aperekera madzi osamba m'manja. Mkazi wachiwiri salowera pakhomo anthu akuona, amalowera kunkhokwe. Ndinakwiya, komanso ndinachita mantha, ndinene zoona. Ndinaopa kuti ndege zikadzayamba kuuluka ndidzakafika pakhomo panga n'kupatsidwa mpando ngati mlendo.

Ndinamuuza mnzanga wina wa ku Chipata amene tinadziwana kutchalitchi. Iye ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku molo, chinyumba cha masitolo cha ku Al Barsha, ndipo poti sitolo inali yotseka, nthawi yolangiza anthu anali nayo yambiri.

"Iwe sisi, vinthu va nkhokwe ni vakudala," anatero. "Manje anthu aika milisi mu masaka yaja yamene mphepo singena. Uza amuna ako agule masaka, khalasi, nkhani yasila."

"Matumba a chimangawo amawaika kuti?" ndinamufunsa.

"Mu bedirumu, kuyopa akawalala."

"Ndiye wotapayo azilowa kuchipinda kwanga?"

Yankho lake linali kuseka kokhakokha, mpaka kutsokomola. Atamaliza anati, "Koma uziba, sisi, fodya wako ni wamene ali pa mphuno. Wa pa chala ni wa mphepo."

Ndinamuuza kuti mwamuna wanga si fodya, ndipo tsiku limenelo sindinamuyankhenso.

Sabata yomweyo bwana anaitanitsa katundu wambiri, monga ankachitira aliyense masiku amenewo, matumba a mpunga, ufa, mafuta, makatoni a mkaka. Madamu, mayi wachiarabu mwini nyumba, anandiuza kuti ndizilongedze m'sitolo ya kukhitchini. Ine ndinayamba ndatulutsa zonse zakale kuziika pakhonde. Ndinasesa, ndinakwecha mashelefu, ndinagogoda matabwa ngati muli chiswe, ndinakolopa mpaka m'makona mmene simufika munthu. Manja anga ankafuna nkhokwe, ndiye anagwira chimene anapeza. Madamu anandipeza nditagwada, ndikukwecha pamalo poyera kale.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa m'Chingerezi chathu chothyokathyoka chija. "Pansipo pakulakwira chiyani?"

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinajambula nkhokwe ndi chala chonyowa pa matailosi. Ndinkaganiza kuti aseka, koma anakhala pa thumba la mpunga n'kumvetsera.

"Mayi anga makiyi a sitolo ankawavala pakhosi," anatero. "Ngakhale kuchipatala anapita nawo. Mkazi wa mchimwene wanga atawapempha, panali nkhondo."

Ndinawafunsa za ndege. Anati inshala, ndiye kuti Mulungu akalola. Inshala ya madamu ndinkaidziwa bwino, nthawi zambiri inkatanthauza kuti usandifunsenso. Koma ulendo uno sanali kuzemba, ndege kunalibedi. Chimene akanatha anachita. Foni pa nthawi ya ntchito inali yoletsedwa m'nyumba muja, koma anandiuza kuti ndiziisunga m'thumba la epuloni mpaka nkhani ya kumudzi ithe.

Amuna anga ndi munthu wosalankhula. Mawu amawasunga ngati mbewu, kutulutsa pokhapokha mvula ikagwa. Ndinadziwa kuti ndikawalalatira angokhala chete, ndikalira asokonezeka n'kukafunsa nzeru kwa achemwali awo omwewo. Choncho ndinamwa madzi, ndinakhazika mtima pansi, n'kujambula mawu mofatsa.

"Bambo, za nkhokwe ndamva. Sindikukana kuti mtsikanayo ndi wolimbikira. Mumuthokoze pa ntchito ya kumunda, mum'patse zake. Koma dzanja lake lisakhudze dothi la nkhokwe yanga. Ngati palibe womata, ikhale yosamata."

Yankho linabwera mawa lake. "Ndamva."

Basi. Ndinalibwereza kufuna kumva ngati m'kati mwake muli inde kapena ayi, koma munali tambala yekha akulira chapatali.

Masiku anapita osamva kanthu. Amene sanakhale chete ndi alamu. Ananditumizira chithunzi cha mkukwe umene chiswe chinali chitayamba kukwera kuchokera pansi, ndi china cha mbuzi za eni zili m'munda mwathu. Kenako mawu, ulendo uno opanda mafuta.

"Mlamu, chimanga sichidikira ndege. Nkhokwe yosamata ndi chakudya cha makoswe, inu mukudziwa kuposa ine. Ana anuwa ikadzafika Febuluwale adzadya nsanje yanuyo?"

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona. Ndinabwera ku Dubai kudzalera ana a eni kuti anga asagone ndi njala. Tsopano ine ndemwe ndinali kuika chakudya chawo pachiswe, pachiswe penipeni. Ndinatenga foni kangapo kuti ndinene kuti chabwino, amate, koma chala chinkakana. Ndinkajambula n'kufufuta. Alamu anatumizanso kuti dothi lakumbidwa kale, mtsikana abwera Loweruka.

Lachisanu masana ndikupukuta mawindo, foni inanjenjemera m'thumba. Anali amuna anga.

"Mayi, dothi lija mumathira phulusa lochuluka bwanji?"

Ndinayankha pomwepo, mawu atauma. "Akufunsa ndani?"

Tsiku limenelo ayenera kuti anali ataima pachulu, chifukwa yankho silinachedwe. "Ndikufunsa ine."

"Amate ndani?"

"Ine manja ndilibe?"

Ndinatembenuza ndowa n'kukhalapo. Ndinayamba ndi kuseka, chifukwa ndinawaona m'maganizo bambo aja, munthu wa ngolo ndi ng'ombe, akuponda dothi ngati mtsikana wotengwa kumene. Kuseka kuja kunathera m'misozi. Kamwana kakang'ono ka madamu kanabwera kudzandiyang'ana kumaso, n'kundipatsa bisiketi yoluma kale.

Sukulu inayamba tsiku lomwelo, ndipo wophunzira wovuta chotere sindinamuonepo. Poyamba ankafuna kumata pamwamba pa dothi lakale, osasesa n'komwe, ati m'kati mukuoneka moyera. Ndinawauza kuti alowe ndi tsache, ndipo anditumizire chithunzi cha zimene atulutse. Chithunzi chinabwera cha lichero lodzaza fumbi ndi anankafumbwe, popanda mawu. Kenako dothi analithira madzi ngati akuphika phala, likangoti pa nsungwi n'kutsetsereka. Ndinawalangiza ndikusita, ndinawalangiza ndikusenda anyezi, ndinawalangiza ndili m'bafa kusambitsa mwana wa eni. Madamu akandipeza ndikulankhula ndi thumba la epuloni ankangofunsa kuti, "Nyumba ya chimanga ija?" n'kudutsa.

Tinakangana kwambiri pa nkhani ya zala. Iwo anakabwereka chitsulo chosalazira cha amisiri omanga nyumba, ati ntchito ioneke yachimuna.

"Chitsulocho chimangopaka pamwamba," ndinatero. "Dothi liyenera kulowa pakati pa nsungwi, ligwirane ndi la mbali inayo. Zala, bambo. Kankhani ndi zala."

"Zala zanga n'zazikulu."

"Ndiye bwino, mumaliza msanga."

M'mauthenga awo ndinkamva zimene iwo sankanena. Nkhokwe yathu ili m'mbali mwa njira ya kumjigo. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka zidebe zikugundana ndi amayi akuseka chikhakhali. Tsiku lina ndinamva bwinobwino mawu a mwamuna akufuula kuti, "Zikomo amayi, tikubwerekeni chitenje?" Ndinawamvera chisoni. Ine ndinali kutali, kuseri kwa mpanda wa eni, pamene iwo manyazi onse ankawasenza okha masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawafunsa ngati anthu akuwavutitsa.

"Akuti ndavala chitenje," anatero.

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Ndawauza kuti chikundikhala."

Zaka zonse za banja lathu sindinadziwe kuti munthu ameneyu ali ndi nthabwala. Ndinaitumiza kwa mnzanga wa ku Chipata uja kuti amve fodya wake wa pachala.

Alamu sanachedwe kubwera. "Mlamu, khuzumule wanu ndi wamphamvu. Mpaka kuwoloka nyanja pa foni? Mchimwene wanga wasanduka choseketsa mudzi wonse."

"Alamu," ndinayankha, "ndikadzabwera ndidzakugawiraniko, mukayesere kwanu."

Chilamu chimalola zoterezi. Koma pansi pa nthabwalayo tonse tinkadziwa kuti nkhani ya mtsikana wa kutsidya yathera pomwepo.

Nkhokwe itauma ananditumizira zithunzi za mbali zonse. Sinali yokongola, koma inali yomata. Ndikuyang'anitsitsa ndinaona chinthu chimene chinandiyipira. Chakumwamba, pamene timatsamiritsa makwerero, panali malo osamata, nsungwi zili poyera, kukula kwake ngati chikhatho.

"Pamwambapo mwasiyiranji?" ndinafunsa. "Khoswe safuna chitseko chachikulu."

"Ndaona," anatero.

Mawa lake kunabwera chithunzi china. Pamalo paja anali ataikapo chitini chophwanya, chomangirira ndi waya.

Apa ndiye ndinalankhula. Ndinawauza kuti munthu wamata nkhokwe yonse sangalephere kadothi kodzaza dzanja limodzi. Ndinawauza kuti chitini ndi cha pa khola la nkhuku. Ndinawauza zina zimene sindingazibwereze pano. Iwo anangoti khoswe sangaboole chitini, ndipo ngolo yayamba kale kututa. Ndinadandaula kwa mnzanga kuti amuna ndi choncho, ntchito akaifikitsa kumapeto amatopa nayo. Iye anati ndithokoze Mulungu, wake sadziwa ngakhale kumene kumakhala tsache.

Chimanga chinalowa, denga linakwera. Kumudzi chisanu chinayamba, anyamata anga akunditumizira mawu mano akugundana, pamene kuno ku Mirdif kunja kunali ngati m'uvuni, madzi a pampopi otentha osawaphika. Mtima wanga unakhala pansi pa za chakudya. Koma panatsala funso limene sindinafune kulifunsa. Womata ndiye wotapa. Nkhokwe tsopano inali ya ndani?

Tsiku lina m'mawa ndikukolopa masitepe, foni inanjenjemera.

"Odi kunkhokwe," anatero amuna anga. "Ufa watha. Nditapeko?"

Ndinaima ndi chokolopera m'manja. "Mwamata nokha, bambo. Mukupemphanso kwa ndani?"

"Sinathe kumatidwa," anatero. "Nditapeko?"

Ndinaganiza kuti akundinyogodola chifukwa cha chitini chija. Komabe ndinayankha monga ndinkayankhira kale. "Tapani. Musasankhe zikuluzikulu zokha, muzitenga mmene zilili."

Kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Ufa ukatha, odi ankafika ku Mirdif. Nthawi zina ndinkachedwa kuyankha chifukwa cha ntchito, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti bambo aja ankakhala pansi pa nkhokwe ndi dengu lopanda kanthu, kudikira, alamu akuwanena kuti ana afa ndi njala chifukwa cha netiweki. Ndikaona uthenga wawo ndinkasiya chilichonse. Ngakhale madamu anazolowera. Foni ikanjenjemera ankati, "Yala, fulumira, yankha, chimanga chikudikira."

Ndege zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Yoyamba itadutsa padenga ndinathamangira kunja ndi mwana kumsana, n'kuiyang'ana mpaka inazimiririka. Phokoso limene ndinkalitukwana zaka zonse linandikomera ngati nyimbo ya kwaya. Koma njira ya kwathu inachedwa kutseguka, ndipo tchuthi ndinachipeza mu Okutobala. Pondiyeza korona anandipisa kamtengo m'mphuno mpaka misozi, ndinavala masiki ulendo wonse, nsapato za anyamata zimene ndinagula kalekale ndikuzikayikira ngati ziwakwanebe.

Ndinafika kumudzi dzuwa likupendeka, kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa. Ana anandithamangira, nsapato zinawathina monga ndinkaopera. Ndinapita kumanda kwa apongozi. Anthu anabwera kudzandilonjera, ena akupereka dzanja, ena chigongono, ena osadziwa chopereka. Mtsikana wa kutsidya uja anabweranso, anagwada patali mwaulemu. Ndinam'patsa chitenje chimodzi mwa zabwino zija, chifukwa chimanga chathu anadula nawo, ndipo mlandu sunali wake.

Nkhokwe ndinaiona ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Pa zithunzi inkaoneka bwinoko. Mbali ina dothi linali lochindikala ngati chipupa cha nyumba, mbali ina lopyapyala, monse muli mabampu. Paliponse panali mizere ya zala zikuluzikulu ngati chinangwa, yopita uku ndi uku, yosonyeza munthu amene ankalimbana ndi dothi ngati akugwetsa ng'ombe. Ndinaizungulira, ndinagogoda miyendo, ndinanunkhiza. Munalibe fumbi la nankafumbwe, munalibe ndowe za khoswe. Pamwamba paja chitini chinali chikhalire, chitachita dzimbiri. Sindinafune kuyamba ndi mkangano tsiku lofika.

M'mawa mwake nditatuluka ndi tsache, ndinapeza makwerero atatsamira kale pa nkhokwe. Pansi pake panali beseni la dothi la pachulu, lopondaponda, logona, phulusa lake lokwanira bwino. Amuna anga anali pamwamba, akumasula waya. Alamu anali pakhonde pawo akusankha nyemba, maso ali kuno.

Anachotsa chitini chija n'kuchiponya pansi. Anatsika pang'onopang'ono, anapukuta manja pa thalauza, n'kugwira makwerero ndi manja awiri.

"Mvula ili pafupi, mayi," anatero. "Malizani."

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana kwa achemwali awo n'kukweza mawu pang'ono, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Achemwali, paja ndinkakuuzani kuti ine ndangoyamba. Womata wabwera."

Alamu anati hmm, n'kupitiriza kusankha nyemba. Ine zonse zimene ndinalankhula za chitini zija zinandibwerera m'mutu. Ndinamanga chitenje, ndinatapa dothi, n'kukwera. Manja anga anali atafewa ndi sopo wa ku Dubai, ndipo dothi linali lozizira, lonunkhira pachulu. Malo aja anali ongokwana chikhatho changa. Ndinakankha dothi pakati pa nsungwi mpaka linagwirana ndi lawo, ndinasalaza m'mbali, n'kusiya zala zanga zazing'ono pakati pa zikuluzikulu zija.

Ndisanatsike ndinamva akugogoda makwerero. Nditayang'ana pansi, anali atanyamula dengu, akundipatsira m'mwamba.

"Ufa watha," anatero.